Madeti a m'Baibulo la Malemu

Lolemba, 8 Seputembala

Mawa akwana masabata atatu chimwalirire amuna anga a Samson. Anthu onse abwerera kwawo, mwana wanga Annie nayenso wapita ku ntchito ku Lusaka. M'nyumba mwatsala ine ndi mipando.

Sindikumva kanthu. Ndikudya, ndikusesa, ndikusamba. Akandipepesa ndimathokoza. Basi.

Katundu wa aS. ali mu sutukesi pakona kuchipinda. Anaimanga ndi chingwe cha khonje alamu anga a Martha, alongo awo aakulu. Atamanga anandiloza chala: “Amake Annie, iyi musaikhudze mpaka tidzabwere pa 27 kudzagawa. Za malemu sagwiragwira.” Ndinavomera. Tsiku limenelo ndikanavomera chilichonse.

Koma lero ndadzuka zero faifi m'bandakucha, nthawi imene aS. ankakhosomola, kukokera mpando pazenera n'kutsegula Baibulo lawo. Machaputala atatu tsiku lililonse kuyambira pa 1 Januwale. Ankati akhala mkulu wa mpingo zaka zonsezi akungozungulira pa mavesi omwewomwewo, chaka chino awerenga lonse mpaka kumapeto. Ine ndinkawaseka kuti akafika pa mayina a mibado aja adzagona. Sanagone.

Ndamasula chingwe. Baibulo linali pansi pa jekete ya kutchalitchi. Pamwamba pa chaputala chilichonse ankalembapo deti ndi pensulo. Deti lomaliza lili pa Yesaya 6, 16/8. Mawa lake tinawatengera kuchipatala.

Ndawerenga 7, 8, 9. Palibe chalowa m'mutu. Ndabweza, ndamanganso.

Lachiwiri, 9 Seputembala

10 mpaka 12. Mfundo ya a Martha ndi yovuta ngati eni ake, koma ndaidziwa tsopano. Kawiri pansi, kamodzi pamwamba.

Pensulo ndaipeza pakati pa buku, yaifupi, yolumidwa kumapeto. Ndalemba madeti, a dzulo ndi a lero. Ndalemba motsanzira dzanja lawo, manambala oima chilili a ukalaliki aja. Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana a giredi 3 kulemba, palibe dzanja lingandivute. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Mwina kuti tsamba lisaoneke kuti munthu wasintha.

Lachinayi, 11 Seputembala

Aimba foni alamu a Boyd, ang'ono awo a aS., kuchokera kumudzi ku Mtenguleni. Moni wautali, za kutentha, za ng'ombe. Kenako: “Manje alamu, pa za pa 27 zija, njinga ndi Baibulo abale anena kuti n'zanga. Nanenso andisankha ukulu wa mpingo kuno.” Ndati chabwino.

Ndawerengetsera pa zala. Pofika pa 27 ndidzakhala nditangomaliza Yesaya. Patsogolo pake patsala machaputala 444. Anayamba okha, ine ndimafuna ndiwamalizire, m'buku lawo lomweli. Ndicho chinthu chokha chimene ndikufuna masiku ano, ndipo nachonso ndikuchifuna mozizira.

Loweruka, 13 Seputembala

Magetsi kulibe tsiku lonse. 22 mpaka 24.

Lamulungu, 14 Seputembala

Amayi a Chigwirizano abwera atatuluka kutchalitchi, aimba nyimbo zitatu, apemphera. Ine ndangoyang'ana nyerere pakhoma. Potuluka ndamva wina pageti akunong'ona kuti “wolimba mtima mayi ameneyu.” Mnzake ati “awe, sizinamufike chabe.” Wachiwiriyo ndiye wanena zoona.

Madzulo ndamuululira Annie pafoni. Wakuwa: “Amayi! A Martha akadziwa adzakudyani osaphika!” Kenako ati andiikira Baibulo pafoni, n'chimodzimodzi. Sichimodzimodzi. La atate ake ndi lakale lija lolemba “cifukwa” ndi “cikondi”, masamba ake ada m'mphepete momwe ankagwira ndi chala. Sindinamufotokozere, ndangoti netiweki yavuta.

Lachitatu, 17 Seputembala

Sindinawerenge. Sindinasese. Ndagona mpaka dzuwa pamutu.

Lachinayi, 18 Seputembala

Machaputala asanu ndi limodzi lero, kubweza a dzulo. Atatu oyamba ndawalemba 17/9, bodza loyera. Kenako ndabwerera m'mbuyo kuona mwezi wa Malichi, sabata ija aS. anagona ndi malungo osatha ngakhale kukweza mutu. Madeti onse alipo, palibe losowa. Kani akulu a mpingo nawonso amaba madeti. Ndikanawapeza ali moyo akanaona.

Lamulungu, 21 Seputembala

Ndayamba kuzolowera. Maso amatseguka okha zero faifi. Chingwe, jekete, mpando, zenera. Pamene a njinga akuyamba kutsetsereka m'komboni yathu ya Nabvutika kupita kutauni ndimakhala ndamaliza. Mawu amadutsa ngati anthu a pamsewu, sindiwaimitsa, iwonso saima.

Potseka, buku latseguka lokha pa Yobu. M'mphepete, tizilembo ting'onoting'ono: “Z. chifuwa, sanadye.” Z. ndine, Zelipa. Chifuwa chimenecho ndinachiiwala kalekale. Ndayang'ana nthawi yaitali, kenako ndapita kukatunga madzi.

Lachitatu, 24 Seputembala

Ndaganiza zobisa Baibulo, ndidzanene kuti linasochera pamaliro. Koma a Martha analiika okha mu sutukesi, ndipo saiwala ngakhale sokosi.

Lachisanu, 26 Seputembala

Abale afika masana. Ndinadziwa kuti a Martha adzagona kuchipinda kwanga, mawa sindidzapeza mpata, choncho m'mawa ndawerengeratu a lero ndi a mawa. 61 mpaka 66. Atatu omaliza ndawalemba 27/9. Yesaya watha.

A Martha atangolowa apita molunjika pa sutukesi, agwira mfundo, aikoka, agwedeza mutu. “Mwasunga mwambo, alamu.” Ayala mphasa yawo pafupi nayo penipeni.

Loweruka, 27 Seputembala

Ndilembe mwadongosolo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, ife pamphasa. A Martha anamasula chingwe pamaso pa onse. Malaya, nsapato, wailesi, chilichonse ankachikweza m'mwamba n'kutchula wochilandira. Jekete ya kutchalitchi inapita kwa msuweni wina amene sindinamuonepo akulowa m'tchalitchi. Sindinamve kanthu.

Kenako Baibulo. A Boyd analilandira ndi manja awiri, n'kunena kuti tione pamene akulu analekezera. Anatsegula masamba akumwetulira. Kumwetulira kunatha.

“A Martha, akulu anamwalira liti?”

“Funso lanji limenelo? Pa 19 Ogasiti.”

“Nanga apa alemba 8 Seputembala. Apa 9. Apa 17. Dzanja ndi lawo, ndikulidziwa.” Anatsegulanso tsamba lina. “Apa alemba 27. Lero.”

A Martha anadzuka ngati apsa. “Mayo ine! Ndagona nayo sutukesi imeneyi, mfundo ndi yanga yomwe ija!” A Boyd analiika Baibulo pansi pang'onopang'ono n'kupukuta manja pa buluku. Amayi awiri anachoka pamphasa. Wina anayamba kupemphera mokweza. Amalume ena okalamba anati munthu wapita asanamalize ntchito yake, n'chifukwa chake sakugona, bukuli likakwiriridwe pamanda pake mawa lomwe. Onse anavomera. A Boyd ndiwo anavomera koyamba.

Ndiulule. Ndinawasiya apitirize, ndipo zinandikomera kumva anthu akunena za aS. ngati adakali kuwerenga. Koma manda ndi manda. Chiswe sichikanamaliza machaputala 444 aja m'malo mwanga.

Ndinati, “Ndine.”

Sanamve. Ndinabwereza. “Ndine, alamu. Ndimamasula m'mawa uliwonse. Madetiwo ndalemba ndine.” Ndinatola kamtengo n'kulemba 27/9 padothi ndi manambala awo aja.

Kenako a Martha anandithira mawu, ndipo sanasiye kanthu. Ati ndanyoza mwambo, ndawapusitsa ngati mwana, mphunzitsi wathunthu kuba m'nyumba mwake momwe, ndikadadwala akanati ndani wandilodza? A Boyd anafunsa chabe kuti chifukwa chiyani. Ndinati ndimafuna kuwamalizira.

A Martha anatola Baibulo, analikulunga m'chitenje n'kuliika m'chikwama chawo. Sanandilankhulenso tsiku lonse. Mawa akwera basi ya zero seveni.

Lamulungu, 28 Seputembala

Maso atseguka zero faifi. Pakona palibe sutukesi. Ndinangogona chagada kuyang'ana malata.

Ndiye ndinamva mpando ukukokedwa pabalaza, kulowera pazenera. Ndinaganiza kuti ndi aS. Ndinatuluka opanda patapata.

A Martha. Avala kale za ulendo, chikwama pamiyendo. Osandiyang'ana anati, “Samson ndinamuphunzitsa ndine kuwerenga, pa mchenga, ng'ombe zikudya. Manje ine maso anatha.” Anamasula chitenje. “Mwatsala ndi zingati?”

Ndinati mpaka Febuluwale, ndikapanda kujomba.

“Boyd adikire, njinga imukwanira. Khalani apa. Muwerenge mokweza, nanenso ndimveko.” Anandipatsa pensulo. “Koma deti mulembe ndi dzanja lanu. Mwatiopsa kokwanira.”

Ndinatsegula Yeremiya 1, ndinalemba 28/9 ndi manambala anga opendekera. Nditati ndiyambe kuwerenga, ndinalekezera pa mawu oyamba. Ndinayesanso, osatheka. Tsamba linayamba kusambira m'misozi.

A Martha anaika chikwama pansi. Anati basi ina iliko ya masana.