Amayi Akufuna Dzanja Langa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo chifuwa chija munachitenga ndi fumbi la msewu chinakusiyani. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Foni yanu ndaimba mpaka chala kuwawa, koma kuthengo komwe mukulambula msewuko netiweki kulibe. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya simenti ya kampani yanu.

Achimwene, amayi anagwa. Anaterereka m'bafa sabata yatha, fupa la ntchafu n'kuthyoka cha kumutu kwake, pamene limalowa m'chiuno. Agonekedwa m'wodi ya mafupa, momwe ine ndikuphunzira ntchitomu, pa bedi la pafupi ndi zenera. M'mawa uliwonse ndimazungulira m'wodimo ndi aphunzitsi anga, kufotokoza za wodwala aliyense. Tikafika pa bedi limenelo, wodwala wake amandifunsa pamaso pa gulu lonse ngati ndadya.

Kuthyoka kotereku si kwachilendo kwa ife. Timachotsa mutu wa fupa wothyokawo, n'kuikapo wachitsulo, mawa lake munthu timamuimiritsa ndi ndodo. Choopsa ndi kuchedwa. Munthu wamkulu akagona nthawi yaitali amatuluka zilonda kumsana, magazi amaundana m'miyendo, kenaka chibayo chimabwera kudzamaliza. Ndaziona ndi maso angawa kwa amayi a anthu ena.

Tsono amayi akukana opareshoni. Akuti avomera pokhapokha mpeni ukhale m'dzanja langa.

Mukudziwa mmene akhala akudzitamira kwa makasitomala awo pa mashini osokera paja, kuti iwo amalumikiza nsalu, mwana wawo amalumikiza mafupa. Inunso mlandu muli nawo. Ndinu munayamba kunditcha Kalipentala mutamva kuti ku fiyeta, kochitira opareshoni, timagwira nyundo, macheka ndi zoboolera.

Ndinawafotokozera bwinobwino kuti udokotala ndinamaliza, koma ukatswiri wa mafupa ndikadaphunzira. Opareshoni imeneyi ndaichitapo kangapo, inde, koma mphunzitsi wathu wamkulu ataima pambali panga. Ameneyu timamutcha a Bwerezanso, chifukwa ngakhale usoke bwino chotani, mawu awo ndi omwewo. Ndinawauzanso amayi lamulo la ntchito yathu, loti dokotala sang'amba m'bale wake. Magazi akatumphuka mosayembekezera, pamafunika munthu woona mtsempha woti amange, osati mwana woona mayi ake.

Anandiyang'ana muja amachitira tikaswa mbale. Anati ndinakhala m'mimba mwawo mpaka kubadwa osachita mantha, lero ndiope chiyani kuona fupa lawo? Kenaka anatembenukira kukhoma, nati bambo athu atadwala, iwo anawapereka okha m'manja mwa madokotala achilendo, ndipo chimene anawabwezera ndi jekete ndi nsapato basi.

Ndinapita ku ofesi ya a Bwerezanso, manyazi ndinawasiya pakhomo, ndinawapempha kuti andilole, iwo aime pambali monga mwa masiku onse. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangondifunsa kuti ndikamakhomera chitsulo, fupa la amayi n'kung'aluka, poti mafupa a nkhalamba ndi ofewa, ndidzapitiriza kapena ndidzalira? Ine misozi inali itayamba kale. Anati opareshoniyo achita okha, ine andilola kukhala kumutu n'kuwagwira amayi dzanja. Zoposa pamenepo ayi.

Ndisakubisireni, ndinaganizapo zowanamiza. Ndimati ndivale zovala za ku fiyeta, andione, akagona tulo ta mankhwala ena agwire ntchito. Koma dokotala wogonetsa odwala wati chifuwa chawo n'chofooka, sangawagonetse thupi lonse. Adzawabaya jakisoni wa pamsana, miyendo yokha ndiyo idzachite dzanzi. Adzakhala maso kuseri kwa nsalu, akumva chilichonse. Amayi amene amazindikira mapazi anga ndikadali pakhonde, angalephere kudziwa kuti mawu opempha nyundowo si anga?

Dzulo powatembenuza, namwino anandikodola kuti ndione. Pamsana pamene panangofiira payamba kusupuka. Lero m'mawa ayamba kutsokomola, phala angolawa n'kukankha. Ndimathera tsiku ndikuwongola miyendo ya anthu osawadziwa, amandithokoza, ena mpaka kundidalitsa, pamene mayi anga akutha pa bedi lomwe ndimalidutsa kangapo pa tsiku. Ndasowa mtengo wogwira, ndipo ndikuchita mantha kwambiri.

Azakhali ayesa, alephera. Alamu, akazi anu, anabwera ndi ana, amayi anasewera nawo, nkhani ya opareshoni n'kuikankhira kumbali. Mwatsala ndinu. Ndinu woyamba kubadwa, ndipo chimwalirireni bambo, mawu anu okha ndi amene amawalowa m'khutu. Ine kwa iwo ndikadali kamwana kamakani kaja.

Chonde, lole imeneyi ikamabwerera, mukwere. Akapitawo akakukanizani, pitani kulikonse komwe foni ingagwire, ndidzawaikira pakhutu. Musataye nthawi ndi kuwanyengerera za malamulo, ndayesa kale. Auzeni zimene angamve. Auzeni kuti mwafufuza, mwapeza kuti mlongo wanu sanakhwime, manja ake amanjenjemera, inuyo simungamupatse ngakhale mwendo wa tebulo. Zidzandipweteka, poti kunyada kwawo konse kuli pa ine. Koma ndilolera andinyoze kwa makasitomala awo zaka zonse zatsala, bola azindinyoza ataimirira.

Mulungu akusungeni panjira. Alamu ndi ana akupereka moni, azakhalinso chimodzimodzi. Mundiperekere moni kwa anzanu a pa ntchito, ndipo dalaivalayo mumuthokoze m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Kalipentala