Kumsana kwa Tailosi

17 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka. Kamwana kanu katulutsa mano awiri, ndipo kakuluma chilichonse, ngakhale tepi yanga yoyezera. Ntchito ikupezeka, sabata ino ndikuika matailosi m'bafa la nyumba ina yosanja.

Munafunsa za sukulu ya mlamu wanu. Ndiyankha, koma muwerenge mutakhala pansi, chifukwa ine mlongo wanu ndinatsala pang'ono kumulepheretsa.

Chaka chino ku koleji akuphunzira zamoyo za m'nyanja yamchere. Lachitatu lililonse amalowa mu labu momwe muli thanki yaikulu yagalasi, ndipo m'menemo muli zinthu zotchedwa makorali. Mungati ndi miyala yamaluwa, koma akuti n'zamoyo, zimadya, zimaswana. Ine ndinangovomera kuti ndisaoneke mbuli.

Aphunzitsi anapatsa aliyense matailosi anayi oti akatsuke kunyumba, kenako akawamize m'thankimo milungu isanu ndi umodzi, n'kulemba zamoyo zimene zamerapo. Malikisi a teremu yonse anagona pamenepo. Wolephera amabwereza chaka, ndipo mlamu wanu ananeneratu kuti ndi mwana kumsanaku sangabwereze, angosiya.

Koma achemwali, matailosi akewo! Adothi, okhakhala, okhota m'mbali, oti ine sindingaike ngakhale m'khola la nkhuku. Mumtima ndinati, mkazi wa mmisiri akatulutse zimenezi pamaso pa anzake? M'mawa iye akusambitsa mwana, ndinawachotsa m'chikwama n'kuikamo anga oyera, osalala ngati mbale, odula bwino ndi galayinda. Akewo ndinawaswa n'kukwirira dzenje la pakhomo. Ndinapita kuntchito ndikuimba mluzu.

Madzulo ndinamupeza ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo a mwana, anakutumani ndani?"

"Ndimati muoneke bwino."

"Ndioneke bwino kwa ndani? Kwa nsomba?"

Kani tiana ta makorali timafuna pokhakhala kuti tigwire, posalala timaterereka. Tsikulo linali lomaliza kumiza, ndiye anangomiza angawo.

Milungu inayi inadutsa. A anzake anayamba kumera tinthu, ake ali mbee. Pakhomo dzina langa linasanduka Pulofesa. "Pulofesa, thewera ili m'manja mwanu." "Pulofesa, tiyi wapola." Ndinkangoseka nawo. Tsiku lina ndinamuona akupukuta misozi ndi kabuku kake ka labu.

Lachitatu lachisanu ndinajomba kuntchito, ndinabereka mwana, ulendo wa ku koleji. Mlonda wapageti anatiyang'ana n'kuti, "Mwadzalembetsa ndinu kapena bwanayo?"

Aphunzitsi aja ndi mayi wamfupi, wovala jombo zamphira. Ndinavula chipewa ana asukulu onse akuona, mlamu wanu ataphimba kumaso.

"Mayi, wolakwa ndine. Ngati pafunika wolephera, lembani ine, ndinazolowera."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Bwerani mudzaone ntchito ya manja anu."

Anandiimika pa thanki. Madzi ake oyera kuposa akumwa, tinsomba tachikasu tikungozungulira, matailosi anga anayi atatsamira pa kashelufu, akunyezimira ngati ali m'sitolo. Pamenepo pakamwa panga panangoyankhula pokha.

"Pepani mayi, kodi kumsana kwake mwayang'anako? Tailosi sigwira ndi nkhope. Kumsana n'kumene kuli mizere, n'komwe ife timapaka simenti."

Anandiyang'ana kaye, anavala magolovesi, n'kutembenuza imodzi. Achemwali, timadontho tofiirira ngati mitu ya maphini, titandanda m'mizeremo! Mlamu wanu anawerenga pa onse anayi, n'kupeza tiana ta makorali makumi awiri ndi titatu. Aphunzitsi anandiyang'anitsa pa maikulosikopu, ndipo ndinaona kakamwa ndi timanja tikugwedezeka. Ndinalumpha, kalasi yonse inafa nazo, mwana kumsana nayenso n'kuyamba kuseka osadziwa chomwe akuseka.

Aphunzitsi anamuuza kuti alembe kusiyana kwa mbali yosalala ndi yokhakhala. Dzulo zotsatira zatuluka, wakhoza bwino ndithu. Ine andiuza kuti ndiwadulire matailosi makumi anayi a kalasi ya chaka chamawa.

Tsiku lija pobwerera, ine ndi mlamu wanu tinayenda mpaka pokwerera basi. Pamenepo anandilanda mwana n'kuti, "Mutu muli nawo, koma chikwama changa musadzachikhudzenso."

Tsopano pempho langa ndi ili. Ngati mabuku asayansi amene mwana wanu woyamba ankaphunzira ku pulayimale adakalipo, munditumizire, ngakhale ong'ambika. Muwakulunge bwino, mulembepo kuti ndi zida zantchito. Mlamu wanu akupita patali, ndipo ndikukondwera, Mulungu akudziwa. Kungoti akamafotokoza za kusukulu ndimangogwedeza mutu ngati nkhunda. Ndikufuna tsiku lina ndidzamufunse funso lenileni, iye adzaime kaye n'kuganiza.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mlamu wanu akuti moni wambiri. Sakudziwa za pempho ndalemba pamwambapa, ndipo inunso simukudziwa.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.