Madzi Anatithera Pakona Yathu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mtima sukukhazikika.

Munafunsa za ntchito yanga yozimitsa moto. Ikuyenda, koma yandifika pakhosi. Lachiwiri masana belu litalira, pasanathe mphindi ziwiri tinali kale pamsewu. Oyendetsa magalimoto sankatipatukira, ngati kuti sairini ndi nyimbo ya pawailesi. Titafika, madzi a m'thanki anatha msanga monga mwa nthawi zonse. Ndinathamangira pa mpopi wapansi uja wa pakona, pamene timalumikiza paipi yathu. Achimwene, okonza msewu anauthira phula pamwamba! Chaka chatha ndinawalembera mabwana katatu za mpopi umenewu, iwo yankho lawo n'kumangoti, "Tiona."

Tinayamba kukumba phulalo ndi nkhwangwa, anthu akutikuwiza kuti tabwera kudzaothera moto. Mayi wina anandigenda ndi mwala pachipewa. Sindikumuimba mlandu.

Kona ndikunenayi mukuidziwa bwino, ndi pomwe tinkasewera mpira tili ana, kutsogolo kwa nyumba ya amayi.

Amayi ali bwino, musade nkhawa. Masiku ano akukhala kwathu kuno, akugona m'chipinda cha ana. Chithunzi cha malemu bambo chimene munapempha chija sindithanso kukutumizirani. Mukapeza tchuthi mubwere, zina sizoyenera kulemba m'kalata.

Chikundipweteka n'chakuti amayi sanandifunse kanthu mpaka lero. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Koma iwo amangotenga yunifomu yanga, kuichapa, n'kuisita.

Ndine mng'ono wanu.