Chikhomo Chabuluu

Lachiwiri, 18 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tadzuka, koma bambo mphamvu zikuwathera, ndipo ndikulemba kalata ino kuti mubwere mudzawaone nyemba zisanache. Ndanena poyamba pomwe chifukwa ndimakudziwani. Pafoni mumangoti "tiona, tiona," kenako mwadula. Pepala ndiye simungalidule.

Jekete munatumiza ija anailandira. Asanaivale n'komwe anaitembenuza n'kuyamba kufufuza msoko, ati amene anasoka anali ndi changu chopita ku ukwati. Utelala sutha m'magazi, ngakhale makina awo aja tsopano angosanduka poikapo wailesi.

Mukukumbukira mmene ankayezera munda wa kuseri kwa nyumba? Mvula ikayandikira ankatulutsa tepi yawo yoyezera makasitomala, chingwe ndi zikhomo. Aliyense m'banja anali ndi chikhomo chake, chomangidwa kansalu kotsala posoka. Cha amayi chinali cha maluwa ofiira, cha achemwali chachikasu, cha bambo chabuluu, changa chobiriwira, chanu cha khaki wa kabudula wa sukulu. Kuchoka pa chikhomo chako kukafika pa cha mnzako, imeneyo inali mizere ya pakamwa pako, ndiye kuti chimanga, nyemba, mbatata ndi maungu ako a chaka chonse. Ankati munda uli ngati malaya, akachepa amathina, akakula amakhwepa, choncho uziyamba wayeza mwiniwake. Ankatiimika pamzere n'kumatizunguliza tepi pamimba, nkhope ili gwa ngati akuyeza suti ya bwana, amayi akuseka mpaka kukhala pansi.

Inuyo chaka chilichonse chikhomo chanu chinkasunthira kutsogolo, n'chifukwa chake anakutchani Dzombe. Ine ndinkalira kuti mwandibera mzere, inu n'kumanditonthoza ndi mbatata yootcha imene munali mutailuma kale. Kumapeto kwenikweni bambo ankasiya mizere iwiri yopanda kansalu, wina wa mlendo, wina wa mbalame ndi akuba, ati nawonso ali ndi pakamwa. Ndimawasowa masiku amenewo, achimwene, ndimawasowa kwambiri.

Achemwali anakwatiwa, inu munapita kutali, amayi anatisiya, m'nyumba tinatsala awiri. Koma zikhomo zinkakhomedwabe zonse. Maungu ankaolera pakhonde, mbatata n'kumera m'thumba. Aneba anafika pondithawa akandiona ndasenza dengu, ndipo mayi a pagolosale aja anandiuza mosabisa kuti ana awo akaona dzungu akumalira. Chaka ndi chaka ndinkakangana nawo bambo. Ndinkati, "Bambo, tikulimira ndani? Msana wangawu ndi umodzi." Iwo ankangoti, "Kamzime, gwira chingwe, zolankhula zakuchulukira."

Chibwerereni bambo kuchipatala, adokotala anawaletsa khasu. Kuchoka kuchipinda kufika pakhonde amapuma panjira atatsamira khoma, koma mukaimba foni amakhala tsonga n'kukweza mawu kuti mumve ngati ali bwino. Kumayambiriro kwa mwezi uno, mitambo itayamba kuda, anandiuza kuti ndiwatulutsire mpando kumunda. Anakhala pansi, tepi ili m'khosi ngati kale kushopu, ine n'kukhoma zikhomo zonse m'malo mwake monga mwa masiku onse.

"Zula chachikasu," anatero. "Mkulu wako ali ndi munda wake."

Ndinazula mokondwa, mumtima ndikuti lero ndapambana mlandu.

"Zula chofiira."

Ndine ndemwe ndakhala ndikuchonderera zimenezi, koma kansalu kaja, ngakhale kasuluka, ndi ka diresi ankakonda amayi ija. Ndinachizula n'kuchisasa dothi.

"Zulanso chabuluu."

"Bambo, chimenecho ndi chanu."

"Ndikudziwa, ndinamanga ndine." Anapuma kaye kuti mpweya ubwerere. "Ndadziyeza, mwana wanga. Zimenezi zikamadzacha ine sindidzakhala ndi njala. Usadzithyole msana pachabe."

Achimwene, mantha anandigwira, kenako mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera pa inu. Ndinalunjika pa chikhomo cha khaki n'kuchigwira ndi manja awiri. Ndinati, "Ngati ndi choncho, ichinso chichoke. Munthu ameneyu wadya liti pakhomo pano?"

"Siya chimenecho."

Anali mawu akale aja, amene ankatileretsa tikamamenyana. Ndinasiya.

"Chisunthire kutsogolo, umuwonjezere mzere. Dzombe abwera chaka chino. Kaya adzandipeza pampando pano, kaya adzapeza mpando wokha, koma abwera, ndipo adzafika ndi njala. Ana ake sindinawayezepo, koma ngati anatengera mimba ya bambo awo, uwonjezere iwiri."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinasuntha chikhomo chanu ndikulira, chingwe sindinkachiona bwino, moti mzere wanu woyamba ndi wokhota. Mukadzauona musadzandiseke.

M'mawa mwake, iwo asanadzuke, ndinatenga chabuluu chija n'kuchikhomanso pamalo pake, ndipo mizere yake ndinaunga ndekha. Atatuluka anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaima ndi khasu m'manja kudikira kuti andikalipire. Anangoti, "Chapendama." Ndinachiwongola, iwo n'kupempha tiyi.

Mvula inagwa ndipo tinadzala. Nyemba zamera bwino, ndipo zoyamba kutuluka ndi za m'mizere yanu, dyera lake lomwe lija. Mukudziwa nokha kuti nyemba sizichedwa. Sindikukupemphani mbewu, kapena mankhwala, kapena jekete ina. Abwana anu auzeni zoona, kuti bambo anu akudwala. Ngati sakumvetsa, ndipatseni nambala yawo ndiwafotokozere ndekha, paja mumati pakamwa panga sipatopa.

Achemwali akupereka moni. Amabwera Loweruka lililonse kudzandithandiza kupalira, ngakhale chikhomo chawo chili kuseri kwa chitseko pamodzi ndi cha amayi. Mayi a pagolosale akuti mufulumire, mudzawapulumutse ku maungu. Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo awadzalira mbatata yokoma imene bambo awo ankandibera.

Bambo sakudziwa kuti ndikulemba. Ndikanawauza akanati ndisavutitse munthu ali pantchito. Koma madzulo aliwonse amandifunsa ngati ndayendera mizere ya khaki, ndipo tepi chaka chino sinabwerere m'kabati. Ili m'thumba la jekete yanu ija, ati adzukulu akangofika awayeze asanakhale n'pansi pomwe.

Ndadzala mizere ya munthu amene akuti sadzadya, ndi ya munthu amene sanadye kuno zaka zambirimbiri. Ya bambo ndiisamala ine mmene ndingathere. Yanuyo bwerani mudzadye nokha, muwapeze akadali pampando.

Ndine mlongo wanu wogwira chingwe,

Kamzime