Vayolini Yokha, Mizere Iwiri Pansi

Lolemba, 9 Novembala 1908, Jena

Sonata, nyimbo yaitali ija ya aphunzitsi anga, a Vollrath, ndaiimba yonse lero osaphonya. Masamba khumi ndi anayi, vayolini yokhayokha. Zala zatupa, koma mtima mbee! Iwo phee pampando, maso pa uta wanga. Makutu awo anafa chaka chatha. Nyimbo yawo yomwe sanaimvepo.

Lachitatu, 11 Novembala

A Zschoche, mkulu wa holo, akuti Loweruka ndiimbe ndi piyano. "Mayi, vayolini yokha ndi msuzi wopanda mbatata. Ophunzira a payunivesite akukhwekhwerezerani nsapato mpaka mutsike." Anyamatawo ndimawadziwa. Akanyansidwa amakhwekhwereza, akakondwa amaponda pansi.

Auza kale Ewald, woimba piyano wa paholopo, kuti apeke zoperekezera. Aphunzitsi sindinawauze. Patsamba loyamba analemba "yokha" ndi dzanja lawo, n'kujambula mizere iwiri pansi pake. Ndakwiya mpaka kabichi wandipserera.

Lachisanu, 13 Novembala

Ewald anabwera ndi mapepala ake. Ndinamuimbira yonse. Anakanda dazi. "Iwe Hedwig, ine ndilowera pati apa? Mdalayu wadzaza kale nyumba yonse." Taseka ngati ana. Tapangana zathu.

Nsambo yaing'ono ya vayolini ndaisintha. Mantha alipo ndithu.

Lamlungu, 15 Novembala

Dzulo! Holo yodzaza, fungo la majasi onyowa. Ewald anakhala papiyano, n'kuitseka, n'kupinda manja. Nkhope ya a Zschoche psuu.

Pagawo lodekha lija nsapato imodzi inakhwekhwereza kumbuyo. Sindinaime. Pagawo lomaliza, pamene vayolini imodzi imayankhulana yokha ngati anthu atatu, nsapato ija inaleka.

Nditatsitsa uta, zii. Kenaka mapazi! Matabwa kugwedezeka, fumbi koboo, nyali kunjenjemera. Ndinapambana, ine, ndekha, ndipo sindichita manyazi kulemba choncho.

A Zschoche akufuna ndiimbenso mu Disembala. Piyano akuti aitulutsa, ikungodya malo.

Koma chimene sindidzaiwala n'china. Aphunzitsi anali pamzere woyamba, ndipo anthu akamaomba m'manja iwo amangoona. Dzulo anawerama ndi msana wawo wovutawo, n'kuika chikhatho pathabwa lapansi lonjenjemeralo. Anakuwa holo yonse kumva, monga amachitira osamva:

"Hedwig! Izi ndiye ndikuzimva!"