Nsapato Zobwereka za a Sililo

Nakatindi,
Livingstone.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Katete. Nanga bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ife kuno tili moyo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Madzi ku mathithi achepa, alendo nawonso achepa, ndiye ku loji komwe ndimachapa zofunda akungondiitana mwa apo ndi apo. Mkamwini wanu Akapelwa amapita ndi ziboliboli zake m'mawa, madzulo n'kubwera nazo zonse.

Chomwe ndakulemberani ndi nkhani ya apongozi anga a Sililo, bambo ake a Akapelwa, amene munawaona pa ukwati wathu. Akalamba tsopano, maso sakuonanso patali. Amakhala m'kachipinda kamodzi ku komboni ya Malota ndi mdzukulu wawo Namasiku, mwana wa malemu mlamu wanga. Namasiku wakula ndithu koma sayenda chibadwire. Kumudyetsa ndi kumutulutsa panja amachita ndi agogo akewo, ine ndimapita kukamusambitsa. Amafunika chakudya, sopo ndi yokwerera popita kuchipatala, ndipo zomwe ife timapeza sizikwanira makomo awiri.

Mwezi watha tinamva kuti a komiti yoona za thandizo la boma akuyenda m'makomo kuona okalamba, olumala ndi ena opanda wowasamalira, kuti oyenera azilandira kandalama. Ndinati apa Namasiku wapulumuka, pakuti khomo limenelo lili ndi nkhalamba ndi wolumala yemwe.

Ndinaiwala kuti apongozi anga ndi munthu wotani. Anagwirapo ntchito ku njanji kalekale, ndipo kwa iwo mlendo kukhala pansi ndi chipongwe. Atamva kuti kukubwera anthu a boma, anazungulira Malota yense. Mipando anabwereka kwa a Davies oyandikana nawo, wailesi kwa a Moono, tebulo ndi nsalu yake kwa mayi wina wa kutchalitchi. Poti iwo amayendera patapata zomanga ndi waya, a Davies anawabwerekanso nsapato zakuda. M'chipindamo mutadzaza katundu, mphasa ya Namasiku inasowa malo, ndiye anakamusiya kwa a Moono.

A komiti aja anafika, anakhala pamipando, anamwa tiyi wamkaka wailesi ikulira. Atafunsa ngati pali vuto pakhomopo, apongozi anga anayankha kuti sasowa kanthu, ana awo amawasamala bwino. Anthuwo anathokoza n'kupita khomo lina. Sindiwaimba mlandu, anapita ndi zomwe anaona.

Amayi, mukundidziwa. Ndinapsa mtima mpaka chakudya chinandikanika. Mpongozi sakalipiridwa, ndiye ukali wonse unathera pa mwana wawo. Akapelwa atapita kukawafunsa, anangomuuza kuti munthu wamkulu sayanika umphawi wake pamaso pa alendo.

Kenaka kunaitanidwa msonkhano pabwalo la sukulu, pomwe amatchula mayina a osankhidwa kuti anthu a m'deralo avomereze kapena kutsutsa. Tinapita tonse, Akapelwa atabereka Namasiku. Apongozi anga anabwera atavala jekete yawo ya ku njanji ndi nsapato za a Davies zija, atazipaka polishi mpaka kuwala. Mayina anatchulidwa mpaka kutha, lawo panalibe. Namasiku, amene ankamva zonse, anafunsa agogo ake chapansipansi ngati iye sawerengedwa ngati munthu.

Mayi wotsogolera msonkhano atafunsa ngati pali amene wasiyidwa, ine ndinayamba kumanga chitenje kuti ndiimirire, zaulemu tidzaziona pambuyo. Koma apongozi anga anatambasula dzanja kundiletsa. Anaimirira okha, anapita kutsogolo pang'onopang'ono, n'kuwerama kumasula zingwe za nsapato anthu onse akuona. Ena anayamba kuseka. Iwo anavula zonse ziwiri, anafunafuna ndi maso ofookawo mpaka anapeza pomwe panakhala a Davies, n'kukaziika patsogolo pawo.

Kenaka anatembenukira kwa a komiti n'kunena m'chinyanja cha kuno: “Nsapato izi ni za ba Davies. Mipando munakhalapo ni yao futi, wailesi ni ya ba Moono. Ine ninakunamizani. Changa ni mwana uyu chabe, ndipo nakangiwa kumusunga neka.” Apa amatanthauza kuti alephera kumusamala okha.

Kuseka kuja kunatheratu. A Davies ndi a Moono anaimirira kuchitira umboni, ndipo anthu ambiri anavomereza. Mayi uja anati abweranso kudzaona, ndipo anatiuza kuti tipite ndi Namasiku kuchipatala dokotala akamuyeze. Anabweradi sabata yotsatira, ulendo uno anakhala pamphasa pambali pa Namasiku. Dzina lapita ku ofesi ndipo tikudikira yankho. Sitinalandire kanthu, koma akuti khomo lotere ndi lomwe thandizoli linapangidwira.

Chomwe sindidzaiwala ndi ulendo wobwerera kuchokera kumsonkhano. Linali dzuwa lili paliwombo, mchenga ukutentha ngati chiwaya. A Davies anawatsatira ndi nsapato m'manja kuwachonderera kuti avale kaye, akabweza kunyumba. Anakana. Akapelwa anafuna kuvula zake, anakananso. Anayenda opanda nsapato mpaka kwawo, jekete ili pathupi, mutu uli m'mwamba, akupereka moni kwa aliyense amene takumana naye. Ine ndinali pambuyo pawo misozi ili chuchuchu. Ndakhala ndikudandaula kuti ndinakwatiwa kwa anthu amakani, koma tsiku limenelo ndinanyadira kuti ndine mpongozi wa pakhomo pamenepo.

Tsopano pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndi lolemera. Nsapato za malemu atate zija munazisunga m'bokosi, zomwe munakana kupereka pogawa zovala zawo, ndikupempha kuti mundipatse. Phazi lawo ndi la a Sililo ndi lofanana, ndayeza ndi chingwe pa patapata zawo iwo osadziwa. Msuweni wanga Oscar akubwera kuno kutha kwa mwezi, mukhoza kumupatsira. Mukaona kuti mtima sukulola, sindidzakudandaulani.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, achimwene ndi alamu anga, ndi ana onse. Akapelwa ndi Namasiku akupereka moni wambiri.

Nsapatozo zikafika ndidzapita nazo ndekha ku Malota. Ndidzagwada monga munandiphunzitsira, n'kuwauza kuti izi avale mpaka zithe, palibe amene adzabwere kudzazitenga.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Lonah