Ngolo ya ku Lobi

Lolemba, 9 Juni 1986

Ine Kalisto, mphunzitsi wopuma, mwini digiri yokhayo m'mudzi uno wa ku Mphunzi, ndikupereka dandaulo kwa onse okhudzidwa: nsapato zanga zandiukira. Zimene ndinazipukuta ndekha zaka zonsezi, lero zakana phazi langa popanda chenjezo. Ku Misa ndapita ndi mapatapata a Anastazia, mkazi wanga. Chidendene pansi. Ulemu wonse wa maphunziro kuthera pa fumbi.

Miyendo ngati mitondo. Ndikadina chala, dzenje silibwerera.

Lachinayi, 12 Juni

Kuzizira. Nkhungu mpaka masana, phiri osaoneka.

Dokotala wa ku Lilongwe uja analankhula bwino, ndimuyamike. Impso zonse ziwiri zatopa. Makina otsuka magazi ali kumaiko akutali. “Kapumuleni kunyumba, aphunzitsi.” Chizungu chotere ndimachimva.

Mchere ayi. Madzi pang'ono. Nthochi ayi, kachewere ayi. Munthu wa ku Dedza kumuletsa kachewere. M'kamwa kumveka dzimbiri, ngati ndagona ndi msomali pa lilime. Koma chachikulu ndi kuyabwa. Msana, ntchafu, pakati pa zala. Anastazia amandikanda ndi chitsononkho cha chimanga, ati zikhadabo zingandibale zilonda. Amadziwa poyambira ndisananene.

Lachiwiri, 17 Juni

Mseru m'mawa. Phala supuni zochepa, lina labwerera.

Anyamata a chipani anabwera ndi makhadi. Ndagula la chaka chonse. Chikhulupiriro chawo pa thanzi langa chandikhudza mtima.

Nkhani yeniyeni: uthenga wochoka ku Lobi, kwathu kobadwira. Jestina, mlongo wanga, akubwera ndi ngolo kudzanditenga. Mwambo wake ndimaudziwa, ndinkauphunzitsa m'kalasi. Mkamwini akadwalika amabwerera kwa abale ake, asafere pachilendo. Ine pachilendo. Nyumba ino ndinaumba njerwa zake ndekha, mapichesi akuseriwo ndinabzala ine, ana ndinalelera pano. Komabe mlendo.

Anastazia wangopita kukasesa pabwalo pomwe anasesa kale.

Sangatsagane nane. Mayi ake ndi akhungu, owayang'anira ndi iyeyo. Ndikakwera ngoloyo, sindidzamuonanso.

Lachitatu, 25 Juni

Masiku apitawa sindikuwakumbukira bwino. Kugona masana, befu ndikangoima. Ati ndinkaitana mayina a ana a Fomu 2. Ndikukhulupirira kuti onse analipo.

Jestina wafika dzulo. Ngolo, ng'ombe ziwiri, matiresi obwereka. Wakalamba mlongo wanga, koma pakamwa ayi. “Achimwene, mukafera kuno anthu adzati ku Lobi kulibe anthu. Mukufuna ndiziyenda chozolika?”

Sakunama. Adzamunena mpaka kumanda. Ndipo alamu ake, Anastazia, akandikaniza, a kwathu adzati pali chimene akubisa. Ndi chifukwa chake Anastazia sakutsutsa. Walongedza kale malaya anga m'sutikesi, mopinda bwino. Ndinafuna kumukalipira, mpweya unandithera.

Ndayankha Jestina m'Chichewa, kenako m'Chilatini. Zonse wakana.

Lachinayi, 26 Juni

Anandinyamula pa mphasa mpaka pa ngolo. Sindinalimbane nawo, mphamvu yake ndiitenge kuti. Atandigoneka chagada, mpweya unatseka. Chifuwa ngati mwadzaza madzi. Kenaka kuyabwa kuja, thupi lonse nthawi imodzi. Jestina kukanda ndi zikhadabo, pena paliponse, magazi kutuluka, iye kulira. Anastazia wandikhazika tsonga, mutu wanga paphewa pake, chitsononkho pamsana. Mpweya unabwerera pang'onopang'ono.

Jestina anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka: “Alamu, mumachita zimenezi tsiku lililonse?”

Ng'ombe anazimasula zikadye.

Lachinayi, 3 Julaye

Dzuwa lero. Andikhazika pakhonde, mapilo kumsana, bulangete m'miyendo. Phiri likuoneka lonse. Mkodzo pafupifupi palibe. Ululu si wambiri, kutopa kokha, kotsika mpaka m'mafupa. Bambo mfumu anabwera Lamulungu, andidzoza. Mtima uli m'malo.

Ngolo inabwerera yopanda munthu. Jestina watsala, akuphunzira kukanda. Dzanja lake ndi la wolima nyemba, koma akuyesetsa. Ku Lobi watumiza mawu akuti iyeyo ali pano, ndiye kuti ndili m'manja mwa abale. Amene akutsutsa abwere adzamuuze pamaso.

Chigamulo anapanga awiriwo kukhitchini, mwini nkhani osaitanidwa. Ndikupuma, ndine wa Anastazia. Ndikaleka kupuma, ndine wa ku Lobi. Andigawana ngati dimba. Ndawamva akuseka, ndipo ndikudziwa kuti amaseka ine.

Chabwino. Koma a ku Lobi asaganize kuti adzalandira munthu wa digiri ulere. Ndikufuna chipukutamisozi, cholipiriratu: mbuzi khumi kwa Anastazia, bulangete latsopano kwa apongozi anga, ndiponso phiri la Mphunzi alisamutse, akaliimike kumutu kwa manda anga, mbali imene limaonekera ndikakhala pakhonde pano. Akalephera, sindipita.